Chimene Chinkagogoda M'mipopi ya ku Zengeza 4

Anzanganu, zatheka! Kiyibodi ya Zebron sinatenthedwe! Palafini anali atagulidwa kale, akuluampingo atafika kale pakhomo, koma sinatenthedwe, ndipo chinthu chija chinatisowetsa tulo sabata yathunthu chinapezeka, chinagwidwa ndi manja awa! Inu a ku Unit D mwangomva zidutswa, ena akuti anali akuba, ena akuti chinali chipoko, monga amatchulira mzukwa anzathu Achishona. Ayi ndithu. Khalani pansi muimve kuyambira kumutu.

Zebron ndi mwana woyamba wa Mayi Felista a mumsewu wathu ku Zengeza 4, kufupi ndi Harare. Kiyibodi imeneyi anaigula chaka chatha, mu 1985, kwa mzungu wina amene ankagulitsa katundu yense pochoka m'dziko muno. Kanthu kake ndi kakang'ono, kotuwa, ka mabatani ambirimbiri, ndipo ukadina batani limodzi kamadziimbira kokha ng'oma: tiki-tiki-tsa, tiki-tiki-tsa. Anapeza Winston wa gitala ya besi ndi Elsie woimba, n'kupanga bandi. Nyimbo zawo zinali zachikondi, zofewa, zoterera ngati sopo m'manja onyowa.

Katatu anakaimba pamsika wa Chikwanha, ndipo katatu konseko anthu anangopitiriza macheza awo. Mabasi akulira, ogulitsa akukuwa, kakiyibodi kaja kakungoti tiki-tiki pansi pa zonsezo. Ulendo wachitatu, bambo wina wowotcha nyama anafuula kuti, “Vakomana, anyamata inu, wotchi ya ndani ikulirayo? Taizimitsani, tadzuka kale!” Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kuyambira tsiku limenelo ankangowatchula kuti bandi ya wotchi, ndipo Zebron akamva dzinali ankaluma mano, nsagwada kuchita kutuluka.

Ankayeserera mushedi ya malata kuseri kwa nyumba, pafupi ndi kachipinda ka amalume ake, a Fabiano, achimwene awo a Mayi Felista. A Fabiano anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri pafakitale ina yopanga mathanki achitsulo ku Harare, ndipo anatulukako makutu atafa. Kuti uwauze kanthu umayenera kukuwira m'khutu lakumanzere, lakumanjalo ndiye linapita kalekale. Tsiku lonse ankangokhala pakampando atatsamira malata a shediyo, maso ali chitsinzinire, anthu n'kumawadutsa ngati akudutsa mtengo.

Zinayamba Lolemba. Madzulo ake bandi inayeserera nyimbo yatsopano ya Elsie, kuibwereza kasanu ndi kawiri, ndipo kasanu ndi kawiri konse Zebron ankaimitsa pakati. “Ikusowa kanthu,” ankatero. “Kanthu kanji?” ankamufunsa anzake. Sankadziwa. Anakagona asanakapeze.

Cha m'ma thu koloko anangopezeka wadzuka, osadziwa chimene chamudzutsa. Mdima unali wa bii, ngakhale nyale ya pamtengo wautali uja wa kumsika inali itazima. Agalu onse anali zii, ndipo kukhala chete kwa agaluko n'kumene kunayamba kumuopsa. Anamvetsera mpaka m'makutu munayamba kulira. Kenako chinamveka.

Gu.

Sichinachokere panja. Chinachokera m'khoma momwe, pafupi ndi mutu wake, pamene pamadutsa paipi yopita kukhitchini. Chinali chakuya, cholemera, chosathamanga, chomveka m'mano kuposa m'makutu.

Gu. Gu-gu. Gu.

Zebron anagona chagada osaphethira, koma chala chake chinayamba chokha kugogoda pabulangete, kutsatira. Atazindikira chimene chalacho chinkachita, anachifumbata ndi dzanja linalo. Anali mayendedwe a nyimbo ya Elsie ija, yomwe inali isanaimbidwepo pagulu. Inali yomweyo ndithu, koma ikuyenda pang'onopang'ono ngati munthu amene wasenza chitseko chachitsulo pamutu. Anatenga tochi n'kutuluka. Kubwalo kunalibe munthu. Shedi inali yokhoma. Mpopi wapanja unkanjenjemera wokha, kadontho kamadzi kakugwedezeka pakamwa pake osagwa.

Kutacha msewu wonse unali pamipanda. Mayi Magret oyandikana nawo, aja amawotcha chimanga pa Chikwanha, analumbira kuti chinali m'khitchini mwawo. A tsidya lina la msewu anati ayi, chinali m'bafa mwawo. Aliyense ankati chinali m'nyumba mwake. Ndipo mbaula ya Mayi Magret, ija anaipanga ndi chitsulo cha mabuleki a lole, inali itasowa pakhonde, makala ake atakhuthulidwa bwinobwino pambali.

“Wakuba wanji amasiya makala?” anafunsa Mayi Magret motsitsa mawu.

Lachiwiri usiku chinabweranso, nthawi yomweyo, koma tsopano chili ndi mawu awiri. Pansi panali gu uja, pamwamba pake kenakake kowuma, kakuthwa: nke, nke-nke. Lachitatu m'mawa tinamva kuti belu la kutchalitchi kwathu, limu ya galimoto ija imapachikidwa pamtengo, lasowa, waya wake atamasulidwa mosamala, osadulidwa. Usiku umenewo mawu anakhala atatu, lachitatulo lolira motalika, ngweee, ngati likuitanira anthu kumaliro.

Mphekesera zinayenda kuposa basi. Ena anati ndi munthu amene anakwiriridwa m'ngalande pomanga nyumbazi. Ena anati anaona moto ukuthwanima kudambo. Koma amene anathira mafuta pamoto ndi Mayi Magret, poti madzulo aliwonse amamva bandi ikuyeserera kuseri kwa mpanda. Anabwera kwa Mayi Felista atafunda nsalu kumutu, n'kunong'ona, Zebron akumva ali kukhitchini.

“Amnzanga, musandide. Chikugogodachi chikuimba nyimbo ya mwana wanu. Akuti mzungu uja sanafike kumene ankapita, anafera panjira. Akufuna kanthu kake.”

Mayi Felista ndi mayi wa mpingo, wa yunifolomu yoyera Lachinayi lililonse, ndipo akanena kanthu sabwereza. Anamuitana Zebron.

“Iwe, ndamva manyazi okwanira. Lamulungu tikaweruka, akuluampingo abwera pano. Chikapanda kusiya, kanthu kakoko tikathira palafini.”

“Amayi, ndi mabatani ndi mawaya basi! Mulibe munthu m'menemo!”

“Nanga nyimbo yakoyo chaidziwira kuti? Chinapita kusukulu?”

Funso limeneli linamupweteka Zebron kuposa palafiniyo.

Elsie anabwera madzulo koma sanalowe, anangoima pageti. “Aiwa, mukoma, ayi ndithu achimwene,” anatero, “ine ndikagona ndikumva nyimbo yanga ikuimbidwa ndi khoma. Amayi andiletsa. Mukathana nacho mundiuze.” Anapita osacheuka.

Lachinayi Zebron anaganiza zowaonetsa onse kuti akunama. Anazula kiyibodi kumagetsi, anaikulunga m'bulangete, anaimanga ndi chingwe, n'kuiika pansi pa bedi la amayi ake enieniwo. Tsiku limenelo sanayeserere ngakhale pang'ono. Thu koloko itakwana, gu, gu-gu, ngweee, mwamphamvu kuposa masiku onse, makapu kuchita kugundana m'kabati.

“Waona?” anatero Mayi Felista kutacha, maso ali psuu. “Chikuimba ngakhale popanda magetsi. Ndipo wandigoneka pamwamba pake! Chotsa msanga!”

Chilichonse chimene ankachita chinkamutembenukira. Lachisanu sanagone n'komwe. Anakhala m'khitchini mumdima ndi wailesi ya kaseti, ataigunditsa kumpopi, chala chili pabatani lofiira lojambulira. Loweruka masana anamuitana Winston, anadzitsekera mushedi, n'kumvetsera kasetiyo motsitsa. Anaimva kamodzi. Anaibweza. Anaimvanso. Winston, amene poyamba anali ataima pafupi ndi chitseko kuti athawe bwino, anapezeka akugwedeza mutu.

“Shamwari, mnzanga,” ananong'ona, “usakwiye. Chipoko chimenechi chikutiposa.”

Zebron anamenya tebulo ndi chibakera. Ankadziwa. Kanthu kaja ankati kakusowa m'nyimbo, kaja anakafunafuna m'mabatani onse osakapeza, kanali m'kasetimo, kakuimbidwa ndi chinthu chimene mawa lake chikamuwotchetsere kiyibodi.

“Lero tichitsatira,” anatero.

“Ti? Ndani ndi ndani?”

“Iwe ndi ine.”

“Ine amayi anga anabereka mmodzi yekha wokongola, sangandipezenso.”

Koma usiku anabwera, atavala majuzi awiri, m'thumba muli Chipangano Chatsopano cha mlongo wake. Anakhala pakhonde n'kumadikira. Kunali kuzizira kwa mu Juni kuja kolowa m'mafupa. Patali galimoto ina inadutsa, phokoso lake n'kuzimiririka, ndipo kunatsala chete wolemera, woti umamva mnzako akumeza malovu. Kenako simenti inanthunthumira pansi pa mapazi awo. Gu.

Zebron anali ataganiza nzeru. Anatenga sipanala, mbali ina n'kugunditsa pampopi wapanja, mbali ina kukhutu. Anadumpha mpanda n'kukachita chimodzimodzi pampopi wa Mayi Magret. Kumeneko kunamveka mokulirapo. Nyumba yotsatira, mokulirapo ndithu. Anayenda choncho mpopi ndi mpopi, akuwerama m'mabwalo a eni ake ngati akuba, kutsetserekera kumunsi kwa msewu kumene nyumba zimathera n'kuyamba dambo. Agalu ankangowayang'ana ali m'makona, michira ili pakati pa miyendo.

Kudamboko udzu unali wautali, wonyowa ndi mame, ndipo phokoso lija silinalinso m'mipopi ayi, linali m'mphepo, pamaso pawo. Winston anagwira malaya a Zebron kumbuyo.

“Tibwerere. Kiyibodi ina udzagula.”

“Khala chete.”

“Maiwe, taona uko! Moto!”

Kutsogolo, pamene paipi yaikulu yamadzi imatuluka pansi n'kuwoloka khwawa itakhala pazipilala za simenti, timoto tinkathetheka mumdima. Gu, timoto. Nke-nke, timoto. Ndipo pakuthetheka kulikonse pankaoneka chinthu chachitali, chakuda, chopanda nkhope, mkono wake ukukwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, belu la tchalitchi likulendewera patsogolo pake. Winston anayamba Atate Wathu m'Chichewa, pakati n'kulowa m'Chishona osadziwa.

“Ndiwe yani?” anakuwa Zebron.

Chinthucho sichinacheuke.

“Ndati ndiwe yani!”

Ngakhale kugwedezeka. Mkono ukungokwera n'kutsika. Apa mantha aja anasanduka ukali, ukali wa sabata yonse, wa bandi ya wotchi, wa Elsie pageti, wa palafini. Anayatsa tochi n'kuthamangira komweko. Kuwala kutagwera papaipi, chinthucho chinadzidzimuka, hamala n'kugwera m'madzi, chubwi! Chinatembenuka. Chijasi chakale cha kufakitale. Chipewa chaubweya. Ndevu zaimvi.

“Amalume!”

“Shhh!” anakuwa a Fabiano ndi mawu oti akanamveka mpaka ku Chikwanha. “Zimitsa tochiyo, udzutsa anthu!”

Winston anangokhala pansi m'matope momwemo, kuseka kukulimbana ndi kulira.

Zebron anawagwira paphewa n'kukuwira m'khutu lakumanzere lija. “Mukuchita chiyani kuno?”

“Ndikukonza nyimbo yako, mphwanga.” Anayankha ngati akunena za njinga yophwa. “Ndikatsamira malata aja ndimaimva yonse. Khutu linafa, koma msana umamva. Kanthu kakoko kamathamanga ngati nkhuku yodulidwa mutu, palibe chokagwirira pansi. Ndikagona imandiyabwa. Ndiye ndinati ndikaiyese ndekha.”

Anafotokoza kuti kufakitale kuja, pokhoma thanki, wina ankalowa m'kati atagwira chitsulo, wina n'kumamenya kunja. M'phokoso limenelo pakamwa panalibe ntchito, ankayankhulana ndi hamala. Kumenya kamodzi, gwira. Kawiri, sendera. Ndipo chitsulo chikagwira bwino unkachidziwira m'mikono, osati m'makutu. “Zaka zonsezo ndinkaimba, koma palibe anandiuza kuti ndi nyimbo. Paipi iyi ndiye yabwino, imayankha mpaka m'mawondo. Ndinasankha kutali kuno dala, kuti ndisasokoneze Felista. Ndipo ndimamenya pang'onopang'ono.”

Zebron anawagwira dzanja, anakwera nawo mpaka panyumba yoyamba ya mumsewu, n'kuwagwiritsa mpopi wapanja. Anaphethiritsa tochi kwa Winston, amene anatsala kukhwawa, ndipo Winston anamenya paipi ija ndi mwala. Gu. Dzanja la a Fabiano linadumpha ngati lagwira mbaula yamoto.

“Zimafika kuno?”

“Nyumba zonse, amalume! Sabata yonse! Akuti ndi mzukwa wa m'kiyibodi yanga! Mawa akuiwotcha!”

A Fabiano sankadziwa kanthu. Sabata yonse msewu unkanong'ona, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zokakuwira nkhaniyo m'khutu la munthu wosamva. Anavula chipewa n'kuchifinya m'manja.

“Belu la Mulungu,” anatero. “Ndimati ndibweza Lamulungu lisanafike. Mphwanga, usandiulule. Ine ndinabwera m'dziko muno ndi bulangete limodzi, sindinatengepo ngakhale singano ya munthu. Andiimika kutsogolo kwa mpingo ngati mbava. Usandiulule.”

Zebron anafuna kukuwa kuti nanga ine? Nanga kiyibodi yanga? Koma anaona manja aja, zala zopindika, zipsera zokhazokha, atafinya chipewa. Anangogwedeza mutu kuvomera.

Lamulungu kutchalitchi anaitana anthu pomenya chidebe. Titaweruka, akuluampingo awiri anafika kwa Mayi Felista, msewu wonse uli pambuyo pawo. Zebron anafotokoza kuti phokosolo limayenda m'mapaipi, kuti ndi munthu, osati mzukwa.

“Munthu wake ndani?” anafunsa mkulu wina.

Zebron anayang'ana pansi.

“Tamutchula, mwanawe, nkhani ithe.”

“Sindingathe.”

“Ndiye tulutsa kiyibodiyo,” anatero amayi ake.

Anaitulutsa yekha. Anaiika pansi pakati pa bwalo, anachotsa bulangete, ndipo anaima pambali manja ali m'thumba kuti anthu asaone zibakera. Winston ankamuponda phazi, akunong'ona kuti, “Nena, iwe! Nena!” Mayi Felista anatsegula botolo la palafini, fungo lake n'kufalikira bwalo lonse.

Ndiye kunamveka kulira kwa wilibala. Kwiii, kwiii, kuchokera kumunsi kwa msewu. Anthu anapatuka. A Fabiano, atavala suti yawo ya Lamulungu, matope mpaka m'mawondo, akukankha wilibala, m'menemo muli belu la tchalitchi, mbaula ya Mayi Magret ndi hamala. Anaitula pafupi ndi kiyibodi, anavula chipewa, n'kukuwa ngati akuitana munthu wa kutsidya la mtsinje:

“Mzukwa uja ndine! Mwanayu musiyeni!”

Mayi Felista anayang'ana botolo, anayang'ana achimwene awo, n'kuwathamangira kukhutu. “Achimwene! Inu? Sabata yonse ndakhala ndikusala kudya chifukwa cha inu?”

“Khutu linalo, chemwali,” anatero a Fabiano modekha. “Ilo ndi lakufa.”

Anthu anaphulika nako kuseka, ngakhale mkulu wampingo mmodzi anabisa nkhope m'chipewa. Koma winayo sanakhutire. “Munthu wosamva angaimbe bwanji nyimbo ya ana? Akungomuteteza mphwakeyu. Tione ndi maso.”

Zebron sanadikire kuuzidwa kawiri. Anakoka waya kuchokera kukhitchini. Tiki-tiki uja sanamuyatse n'komwe. Anatsitsa mawu a kiyibodi mpaka pansi penipeni, pamene imabangula ngati chigayo, pamene kale ankapaopa kuti ndi ponyansa. Anatembenuza sipika n'kuigunditsa kuwilibala. A Fabiano anaponda wilibalayo ndi phazi limodzi, anatsinzina, anakweza hamala.

Gu! Gu-gu! Ngweee!

Winston analowa ndi besi. Mawindo ananjenjemera, nkhuku zinabalalika, ana anayamba kudumpha. Ndipo kuseri kwa mpanda kunamveka mawu a Elsie, osati onong'ona aja a kale, poti pamwamba pa zitsulo sunganong'one. Anaimba mokuwa, kuchokera m'mimba, nyimbo yomwe ija yachikondi koma tsopano ngati akumukalipira mnyamatayo! Mayi Magret anavina mpaka nsalu kumasuka, kenako anakumbukira, n'kukalanda mbaula yawo nyimbo ili pakati.

Akuluampingo ananyamula belu lawo, atawauza a Fabiano kuti akalipachike okha ndipo aziliimba okha Lamulungu lililonse, poti zaoneka kuti dzanja ali nalo. Mayi Felista anatseka botolo lija mwamphamvu.

“Masana okha,” anatero. “Ndipo wina akadzakhudzanso paipi, ndidzawotcha kiyibodi, gitala ndi hamala yomwe.”

Papita masabata atatu tsopano, ndipo bandi ija simungaizindikire! Nyimbo zofewa zonse anazisiya. Anakatola migolo, masipuling'i a galimoto ndi chitseko cha firiji yakufa kumalo otayira zitsulo, ndipo a Fabiano, amene anyamata akuwatchula kuti Sekuru Hamala, ndiye kuti Agogo a Hamala, amamukalipira Zebron akathamanga, pomumenyera kawiri pamgolo. Zebron amakwiyabe, amati amalume safuna kumva maganizo a wina aliyense, ndipo Winston amati n'zoona, sangamve.

Ndiye mawa, Loweruka, fili koloko masana, akuimba pa Chikwanha, kuseri kwa pokwerera mabasi, koyamba ndi zitsulo zawo zonse! Hazel, Emily, Tryphena, nonse mubwere, muchape mayunifolomu a kusukulu m'mawa kuti asakukanizeni kunyumba. Amene makutu ake sachedwa kuwawa atenge thonje. Ndipo mufike msanga tikaime kutsogolo, pafupi ndi bambo wowotcha nyama uja, ndikufuna tikaone nkhope yake hamala yoyamba ikamatsika!